Pa masanje a Taonga, mayi sadya

Loweruka lapitali ndinkachapa kuseri kwa nyumba yathu ku Kapata, ana akuchita masanje pansi pa mgwafa. Mukuwadziwa masanje: zitini zakale ndiye miphika, matope ndiye nsima, masamba ndiye ndiwo, timiyala ndiye nyama. Mwana wanga wamkazi Taonga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye anali mayi wa pakhomo. Mpando umenewu sausiyira munthu. Mnzake Misozi wa kwa aneba anangovomera kukhala bambo chifukwa anyamata onse anali ku mpira.

Taonga anagawa chakudya mwa dongosolo lake. Bambo anawaikira mwala waukulu pa chivundikiro cha ndowa, ana awiri anawagawira pa masamba. Atatha anatenga chitini chopanda kanthu, n'kukakhala pa njerwa chapatali atawafulatira anzake, akuchita ngati akumwa madzi.

Misozi anamufunsa kuti nanga mbale ya amama ili kuti.

"Ine ndadya kale," anatero Taonga.

Mawuwo anawanena ndi liwu langa lenileni. Ngakhale kadzanja kaja ndimakupiza ndikamakana chinthu, iye anakupizanso. Misozi, amene sagonja msanga, anatsutsa kuti wadya nthawi yanji poti aphula pompano. Mwana wanga anamuyang'ana ngati mbuli.

"Iwe sudziwa masanje. Amama sadya. Amangomwa madzi."

Ndinasiya kuchapa. Ndinachita mantha, abale, mantha amene sindinawamvepo ngakhale tsiku lija minibasi inaphulika tayala tili pa liwiro. Ndinakumbuka kuti masabata awiri apitawa kabokosi kake ka chakudya kakhala kakubwerera kuchokera kusukulu kali kodzaza, mbatata ndi mtedza zosakhudzidwa. Ndinamukalipira kawiri konse kuti akusankha zakudya ngati mwana wa bwana.

Madzulo ake ndinamuitanira pambali n'kumufunsa modekha. Anandiyankha akupotokola m'mphepete mwa diresi kuti akufuna kuzolowereratu, chifukwa akazi akakula sadya. Akuluakulu anati mwana wa ng'ombe ukamuona akudya udzu, anaonera amake. Wangayu anaonera amake kukana udzu.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukundidziwa. Ndakalipirapo za ngalande zotsekeka, za madalaivala, za anthu amene amabwera kumaliro kudzaonetsa zovala. Pakamwa ndili napo. Koma sabata ino wokalipiridwa ndine. Kwa chaka ndi miyezi ingapo sindinakhale pansi kudya chakudya chokwanira. Tiyi wopanda shuga m'mawa, madzi masana, madzulo kulawa mchere wa ndiwo pa chikhatho, basi. M'nyumba mwathu mulibe njala. Ufa ulipo, fuliji imayaka, amuna anga bambo a Dalitso ndi ine tonse timagwira ntchito.

Zinayamba ngati masewera. Nditabereka mwana wachitatu, tinasoketsa yunifolomu ya chitenje ya ukwati wa msuweni wanga. Telala atandiyeza m'chiuno anafuula amayi onse akumva kuti ya ine pafunika kuwonjezera nsalu ina. Anthu anaseka, inenso ndinaseka kuposa onse. Kunyumba ndinangoti ndichepetse pang'ono mpaka ukwati udutse. Ukwati unadutsa, koma ine sindinasiye. Ndinaona kuti pa zonse zimene zinkandithawa m'manja, ntchito, khanda losagona, abale ofuna thandizo, chinthu chimodzi chokha ndiye chinkandimvera, ndicho mimba yanga.

Pakutha pa miyezi sichinalinso chosankha. Mbale ikabwera patsogolo panga, kukhosi kunkatsekeka. Mtima unkagunda ngati ndaitanidwa kukhoti. Tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la Chipata likuwotcha mpaka phula kufewa, ine ndinkavala juzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga amuna anga anali kuti? Anali pa tebulo, kumene ndinawaika ndekha. Kwathu, monga kwa ambiri a inu, bambo amadyera pa tebulo pamodzi ndi mwana wamkulu wamwamuna. Ana ang'ono amadyera pa mphasa. Mayi amagawa, amapereka madzi osamba m'manja, amawonjezera ndiwo, kenako amabwerera kukhitchini. Zimene zimachitika kukhitchiniko palibe amazidziwa. Tonse timangoganiza kuti akudya.

Taganizani bwino. Ndani pakhomo panu amadziwa kuchuluka kwa zimene mayi wadya? Bambo akasiya theka la mtanda, nyumba yonse imatekeseka, amvekere kodi mukudwala, kodi ndiwo sizinakome. Mwana akakana phala timamuthamangitsa ndi supuni mpaka kwa aneba. Nkhuku zikapanda kutola chimanga timagula mankhwala tsiku lomwelo. Koma mayi akati ndadya kale, nkhani yathera pomwepo.

Mawu amenewa ndinawaphunzira kwa amayi anga ku Madzimoyo. Chaka china chimanga chitapserera m'munda, iwo ankatigawira ife ana asanu n'kunena kuti adya kale pophika. Linali bodza la chikondi, ndipo mpaka lero ndikalikumbuka misozi imalengeza. Pa maliro awo wolankhula aliyense anawatama kuti ankagona ndi njala kuti ana adye. Tinawayeretsa mawuwa mpaka palibe amalimba mtima kuwafunsa. Ndiye ine ndinabisala m'mawu a amayi anga, nyumba ili yodzaza ndi chakudya. Manyazi ake ndi amenewo.

Si kuti anthu sanaone kuti ndikutha. Anaona. Poyamba ku ofesi anandiyamikira, ena n'kumandipempha chinsinsi changa. Kenako kuyamikira kunasanduka manong'onong'o, poti kwathu kuno munthu akaonda timadziwa zifukwa zitatu zokha: njala, matenda aja, kapena wina wamuchita chipongwe. Bambo a Dalitso anachita mantha, tinapita tonse kukayezetsa magazi, ndipo anatipeza tili bwino. Iwo anapumira m'mwamba, anagula nkhuku yokondwerera. Ndinaiphika bwino kwambiri, ndinaigawa, ndipo ndinati ndadya kale.

Lenti itafika zinandiyendera kwambiri. Amayi a mumphakati wathu ankandiloza ngati chitsanzo cha kusala kudya. Pasaka anadutsa, anzanga anabwerera ku mbale zawo, ine ndinapitiriza Lenti yangayanga popanda wondifunsa.

Tsono Lamulungu, tsiku lotsatira masanje aja, kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amake Zelipa. Amalima mtedza ku Chipangali, ndipo akabwera kudzagulitsa m'tauni amagona kwathu. Ndi mayi wosachedwa kunena zimene waona, moti ndimawaopa pang'ono. Titabwera ku Misa tinakhala pa khonde awiriwiri tikusenda mtedza. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatsekula, ngakhale mawu ankatuluka moduladula. Ndinawauza za masanje, za kabokosi ka Taonga, ndi za kukhosi kwanga.

Ndinkayembekezera kuti andiseka, kapena andiuze za sing'anga wina wa kwawoko. Iwo anangopitiriza kusenda. Kenako anandiuza kuti anaziona kale pa Pasaka, koma anaopa kuti akalankhula ndidzati mlamu akulowerera za m'banja. Anandiuzanso chinthu chimene pa zaka khumi ndi ziwiri za ukwati wanga sindinachimvepo. Mwana wawo wachiwiri atamwalira ali khanda, iwo anatha pafupifupi chaka chakudya chikumveka ngati mchenga m'kamwa. Anthu ankawakalipira kuti adye, ena ankawapempherera mofuula, koma zonsezo zinkangowatsekera kukhosi. Amene anawathandiza anali mayi wina woyandikana naye munda. Masana alionse ankabwera ndi mbale yake, n'kukhala pambali pawo, n'kumadya akucheza za mvula ndi za mbuzi. Sanawauzepo kuti idyani.

Atatha kufotokoza analowa m'nyumba ngati kwawo, n'kutuluka ndi mbatata ziwiri zophika pa mbale imodzi. Anaika mbaleyo pakati pathu.

"Sindikukakamizani, mlamu," anatero. "Ine ndidya yanga. Koma sindinyamuka pano, ndipo simukadyera kukhitchini."

Ndinalira ngati mwana. Mbatata imodzi inanditengera nthawi yoti munthu akhoza kuyenda wapansi kuchoka ku Kapata kukafika m'tauni n'kubwerako, ndipo sindinaimalize. Alamu anga sanayang'ane m'kamwa mwanga ngakhale kamodzi. Ankangondisimbira za mkamwini wawo waulesi amene amapita kumunda dzuwa litakwera n'kubwerako ndi mutu.

Koma sanalekere pa mbatata. Anati iwo ndi mlimi, si dokotala, ndipo Lachiwiri anasiya matumba awo a mtedza n'kundiperekeza kuchipatala. Namwino amene tinamupeza sanadabwe n'komwe. Anandiuza kuti awa ndi matenda odziwika, amagwira maganizo ndi thupi pamodzi, amagwira ndi amayi a ana omwe, osati atsikana a pa foni okha monga ndinkaganizira. Anatinso akalekereredwa amafooketsa mtima ndipo amapha. Anandiyeza, n'kundilembera tsiku lokaonana ndi mlangizi. Ine, mayi wa ana atatu, wophunzira, wolemba m'nyuzipepala, ndinatuluka m'chipindamo nditagwira kukamwa. Sindinkadziwa kuti chinthu chimene ndinkachitcha kudzisunga chili ndi dzina kuchipatala.

Chovuta kwambiri chinali kuuza bambo a Dalitso. Mawu awo oyamba anali akuti koma chakudya chilipo m'nyumba muno. Ndinapsa mtima, koma ndikaganiza bwino, nanga akanati chiyani? Anakulira m'nyumba ya tebulo ndi mphasa ngati ine. Mlongo wawo anawafunsa kuti atchule tsiku lomaliza limene anandiona ndikutafuna. Amuna anga anayesa kukumbukira. Ndinaona nkhope yawo ikugwa.

Lachitatu madzulo bambo a Dalitso ananyamula okha mbale yawo pa tebulo n'kudzakhala pa mphasa, miyendo ikuwasowetsa pokhala. Dalitso, mwana wathu wamkulu, anatsatira akudabwa. Alamu anga anandilanda chipande n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anandiikira mbale yanga pakati pa ana anga.

Taonga anandiyang'ana, anayang'ana mbaleyo, n'kufunsa ndi mtima wake wonse:

"Amama, kodi lero ndinu alendo?"

Palibe anaseka. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sakumbukira amake atakhala pansi ndi mbale m'nyumba mwawo momwe. Ndinamuyankha kuti ayi, ndine amama, ndipo amama amadya. Ndinatema mbamu yaing'ono, iye akundiyang'anitsitsa mpaka ndinameza. Atatero ndi pamene anayamba kudya zake.

Musaganize kuti ndachira. Dzulo m'mawa buledi anandikanika, ndipo mawu aja anafika kale pa lilime ndisanawabweze. Alamu anga abwerera ku Chipangali, koma masana alionse akumaimba foni, osafunsa ngati ndadya, kungonena kuti iwo akhala pansi ndi mbale yawo, tiyeni. Kabokosi ka Taonga Lachinayi kanabwerako katatsala theka. Lachisanu munatsala makoko a mtedza okha.

Kwa inu amayi anzanga amene kukhosi kwanu kwatsekeka ngati kwanga, kaya chifukwa cha telala, kaya maliro, kaya mavuto amene simungawatchule, uzani munthu mmodzi ndipo pitani kuchipatala. Si kunyada, si ufiti, ndiponso si kupemphera kwambiri. Ndipo dziwani kuti kuseri kwa nyumba kuli kamunthu kamene kakukuonerani ndipo kakuloweza zonse.

Kwa enanu, abambo, ana akuluakulu, alamu, apongozi, sindikupemphani zambiri. Madzulo ano mayi wa pakhomo panu akagawa chakudya n'kunena kuti wadya kale, musangoti chabwino. Mufunseni funso la Misozi, lakuti wadya nthawi yanji poti waphula pompano.

Inuyo, munawaona liti amayi a pakhomo panu akutafuna?