Banyira wa Mateus

Pa Katuli palibe amene samudziwa Mateus, mwana wa anthu amene anabwera pothawa nkhondo ku Mozambique. Ntchito yake ndi yobena: munthu amabwera ndi memole khadi, iye n'kuthiramo nyimbo, makwaya, kaswida wa Asilamu ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Pachitseko cha kashopu kake analembapo yekha kuti Injiniya, ngakhale mumtima amadziwa kuti uinjiniya wakewo anauphunzirira pa kuwononga zinthu.

Mkuluyu anali ndi chizolowezi chotopetsa. Khadi ikatsala ndi malo, ankaikamo banyira, monga amachitira amayi ogulitsa tomato. Koma banyira wake, abale inu, anali vidiyo ya ukwati wake! Anthu ankadandaula kuti, "Ife tikufuna filimu ya nkhondo, osati suti yanu." Iye ankangoseka, pokhulupirira kuti suti imene ija dziko lonse liyenera kuiona.

Mkazi wake, Keti, ankaikonda vidiyoyo pa chifukwa china. Bambo ake, a Thomson, anamwalira ukwatiwo utangopita, ndipo mmene ankayendabe ndi kulankhula munali m'vidiyomo basi.

Kompyuta itadzaza, Mateus anakagula hadi disiki yaikulu ku Mangochi boma, nabwera nayo pachifuwa ngati khanda. Anaimangirira pafupi ndi yakale, anthu atadzadza pakhomo, ndipo anayamba kuwaphunzitsa.

"Disiki yotere sumangothiramo zinthu. Umayamba waigawa zipinda. Makwaya chipinda chawo, kaswida chake, mafilimu chawo, kuti a shehe asadzapeze kwaya m'foni mwawo."

Ankalankhula maso ali kwa anthu, chala chili pa batani. Kompyuta inamufunsa ngati akutsimikizadi kufufuta zonse.

"Kodi iyi ikundiyesa mwana?" anatero, n'kudina.

Zipinda zinatuluka bwinobwino, zokongola, zopanda kanthu. Koma disiki imene anaigawayo inali yakale ija, momwe munali chilichonse. Yatsopano inangokhala phee, yosakhudzidwa.

Nyimbo ndi mafilimu si nkhani, akanakakopera kwa anzake ku boma. Nanga ukwati? Amene anajambula vidiyoyo anapita ku Joni kalekale, nambala yake siinkalowanso. Foni ya Keti inali yamabatani, ndipo Mateus anali asanaganizepo zomusungira pena, poti kompyuta ya injiniya singataye kanthu.

Atamuuza, Keti sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndiye kuti, bambo a Yankho, ababa ndawaikanso kachiwiri?" anafunsa motsitsa mawu, n'kulowa m'nyumba.

Mateus anamva chisoni ndi manyazi zimene anali asanazimvepo. Kenako anakumbukira banyira. Kutacha anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kupempha anthu omwe aja ankawatopetsa. Kalanga ine, mmene anthu anamusekera! Wina anati anafufuta asanafike n'kunyumba komwe. Wina anati anaikapo maulaliki. Mayi wina anamuuza mosabisa kuti suti ija inali yaikulu, mapewa ake ankalendewera.

Wotsiriza anali Atumani, wakabaza wa njinga yamoto.

"Che Mateus, yonse ndiye ndilibe. Ndinadula, n'kusunga pabwino pokha. Tikatopa pasiteji timaonera pamenepo."

Mateus anadziwiratu kuti ndi pati. Panali pa perekaniperekani, pamene nsapato yobwereka inaterereka, mkwati n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, buluku n'kung'ambika pakati. Malo amenewo iye ankawadumphitsa nthawi zonse akamaonetsa alendo. Kani Katuli yense ankamudziwira pamenepo, osati pa suti!

Anakopera kachidutswako, napita nako kunyumba mutu uli pansi. Keti anakhala pampando, Mateus n'kudina. Mkwati anagwa. Ndipo kumbuyo kwake kunatulukira a Thomson, atagwira pamimba, akuseka mpaka chipewa kugwa, akukuwa kuti, "Mudzutseni mkamwini wanga, koma mumufunditse kaye chitenje!"

Keti anaseka misozi ili chuchuchu.

"Bwezeraninso," anatero.

Mateus anabwezera. Lero pa disiki yaikulu ija pali chipinda cha banja, momwe muli kavidiyo kamodzi kokha, ndipo Keti akasowa bambo ake, injiniya amadina yekha batani, n'kugwanso chagada.