Zimene Atate Ankachita Kuchipatala Lachinayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasanduka kazitape. Ndinali mu Giredi 6 ku Zingalume, wondituma anali amayi, ndipo munthu amene ndinkamuzondayo anali atate anga ondibereka.

Atate, a Mwanza, anali mkamwini. Anakulira ku Kabwe, m'nyumba za anthu ogwira ntchito kunjanji, ndipo anabwera kwathu atakwatira amayi. Khasu analiphunzira atamera kale ndevu, moti mizere yawo ya nshawa inkakhota mpaka ana tinkaseka. Sankamwa, sankakangana ndi munthu, ndipo kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni. Akaseka ankangoonetsa mano am'tsogolo basi. Amalume a Yosefe, alongo awo a amayi, omwe anali eni mbumba, ankakonda kunena atate ali pomwepo kuti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Atate ankangoyang'ana pansi.

Lachinayi lililonse ankapita kukachipatala kathu kukathandiza kuyeza ana pasikelo. Ntchito imeneyo inkatha masana. Koma chaka chimenecho kunabwera namwino watsopano, Sisita Lungu, mtsikana wa ku Lusaka wosakwatiwa, wokhala ndi laputopu yakeyake imene ankaitchaja pa sola ya chipatala. Posakhalitsa atate anayamba kubwerera dzuwa litapendeka. Chinanso, anayamba kuimba mluzu. Munthu woti ngakhale nyimbo za m'buku ankangogwedeza milomo! Kanyimbo kake kanali kachilendo, kothamanga, kobwereza malo amodzimodzi, ndipo ankakaimba akupopa njinga, akusola khasu, ngakhale akusamba.

Amayi anayamba kukayikira mluzuwo nkhani isanamveke n'komwe. Kenako akuchitsime anabweretsa zotsalazo. Ankati wina anasuzumira pazenera ndipo anaona a Mwanza ndi Sisita atakhala pabenchi limodzi, mapewa atagundana, manja ali pamodzi, akuseka ngati ana.

"Kodi sikelo masiku ano ikumatha madzulo?" anafunsa amayi.

"Ntchito yachuluka," anayankha atate, uku akukanda kukhosi. Ngakhale ine mwana ndinaona kuti limeneli linali bodza.

Ndinkadziwa kumene nkhaniyo inkalowera. Kwathu mkamwini akalakwa chotere, ankhoswe amakhala pansi, munthu n'kupatsidwa chikwama chake ndi njinga yake. Ana amatsala, chifukwa ndi a kuchikazi. Ndiye Lachitatu lina amayi atandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Misozi, mawa ukaweruka usabwere kuno, ukaone zimene atate ako amachita," sindinakane. Ndinali ndi mantha, komanso ndinali nditakwiya kale ndi Sisitayo, ndi nsapato zake zoyera mbee zosadziwa matope.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinadikira m'chimanga cha kuseri kwa chipatala mpaka mayi womaliza anabereka mwana wake n'kumapita. Ndinasanjikiza njerwa pansi pa zenera n'kukwerapo. Munkatuluka fungo la mankhwala otsukira zilonda. Ndipo ndisanaone kanthu ndinamva kanyimbo kaja, ka mluzu wa atate, kakuchokera mu laputopu.

Akuchitsime sananame. Mapewa anagundanadi, manja analidi pamodzi. Koma zala zonse zinali pa kiyibodi, atate mbali ya timivi, Sisita mbali ya zilembo. Pagalasi panali tianthu tiwiri, kofiira ndi kobiriwira, topangidwa ndi timadontho tamakona, tikukwera phiri uku miyala ikugubuduka.

"Lumphani, a Mwanza! Lumphani!" anakuwa Sisita.

Mwala unakaphwanya kofiira kaja, ndipo atate anaseka mpaka mutu kugwera kumbuyo. Ndinaona mano awo am'kati koyamba tsiku limenelo. Mtima unandiwawa kwabasi. Kuseka koteroko kunyumba kwathu sanatipatsepo, ndiye n'kudzakupereka kwa mlendo?

Njerwa inagwedezeka, ine khu! pansi. Anandilowetsa bondo likutuluka magazi. Sisita, akundipaka mankhwala, anandifotokozera ngati palibe chodabwitsa. Anati masewera amenewo ndi akalekale, ankaseweredwa pa kabokosi kolumikiza ku TV, ndipo mabokosi oterowo anafa kale. Mu laputopu yake munali pulogalamu yotchedwa emyuleta, imene imanamiza masewerawo kuti akadali m'kabokosi kawo, iwo n'kumayenda bwinobwino. Togwirira m'manja analibe, n'chifukwa chake anthu awiri ankapanikizana pa kiyibodi imodzi. Mumtima ndinati, ngati makina omwe akunama, eni ake kuli bwanji?

Pobwerera atate anandikweza pa kaliyala.

"Usakanene," anatero tili m'njira.

"Chifukwa chiyani, atate? Amayi akuganiza zina."

"Amalume ako akamva kuti mkamwini wawo amasewera tidole, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Ndinadabwa. Munthu kulolera kuti azitchedwa wachiwerewere, kuopa kutchedwa mwana? Zimenezi zinandiwonjezera kukayika. Ndinaganiza kuti mwina tidoleto n'tongophimbira, tondionetsa ine.

Nditafika ndinawauza amayi zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandigwira chibwano n'kundinunkhiza pakamwa.

"Akupatsa chiyani? Masiwiti?"

Basi, nanenso ndinalowa m'gulu la okayikiridwa. Mawa lake amayi anapita kwa amalume.

Ankhoswe anakhala Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango. Abale a atate anali kutali, choncho kumbali yawo kunaima mkulu wa mpingo. Ine anandiitana ngati mboni, ndipo nditanena za tianthu tiwiri tokwera phiri, amalume anawomba m'manja.

"Alamu, mwafika pophunzitsa mwana bodza lopanda mchere chonchi? Yankhulani. Ngati palibe choyankha, njinga yanu ili apo."

Atate anayamba kufukula dothi ndi chala cha kuphazi. Ndinayang'ana njingayo itatsamira khoma, ndipo misozi inayamba kutsika yokha. Mkulu wa mpingo ndi amene anati Sisitayo aitanidwe, abwere ndi chinthucho.

Anabwera, nkhope ili gwa. Anaika laputopu pa mpando n'kuyatsa. Amalume anaizungulira, n'kusuzumira kuseri kwake ngati muli munthu wobisala. Kanyimbo kaja katalira, amayi anatembenuka mwadzidzidzi kuyang'ana atate. Anakazindikira.

Pamenepo ndi pamene atate anatsegula pakamwa, maso ali pagalasi.

"Kobiriwirako kanali ka Yobe."

Yobe anali mng'ono wawo, amene anamwalira ku Kabwe ine ndili wakhanda. Dzina lokha ndi limene tinkalidziwa. Atate anati bambo awo anawagulira kabokosi kakale kwa mnzawo wa kuntchito, ndipo awiriwo ankakhalira masewera amenewo pasimenti mpaka miyendo kuchita dzanzi. Phirilo munthu mmodzi sangalikwere, chifukwa pali malo ofunika wina akhale pansi mnzake apondepo. Kabokosiko kanapsa asanafike pamwamba. Tsiku limene anamva kanyimboko kakuchokera m'chipinda cha Sisita, anati, anangokhala pansi sikelo ili m'manja.

Amalume anali atakonzeka kale kuseka, koma anangotsokomola. Aliyense ankayembekeza kuti amayi anena kuti nkhani yatha. Iwo anaimirira, n'kuyang'anitsitsa kiyibodiyo.

"Ndaona, ndi yaing'onodi," anatero. "Koma benchi la kuchipatala ndimalidziwa. Ndi lalitali."

Sisita anayang'ana nsapato zake. Mpaka lero sindidziwa ngati amayi anaona chinthu chimene chinalipo kale, kapena chimene chinali chikubwera, ndipo sindinafunsepo aliyense wa iwo.

Kenako amayi anamanga chitenje mwamphamvu n'kunena kuti, "Sunthani, Sisita. A Mwanza, ndionetseni pokanikiza."

Anasewera moipa zedi! Zala zawo zozolowera khasu zinkakanikiza zilembo zingapo nthawi imodzi, kobiriwira kaja n'kumangodzigwetsera kuphompho. Amalume anayamba kukuwa kuti, "Lumpha iwe, mlongo wanga!" n'kuiwala kuti ali pamlandu. Atate anaseka kuseka kuja, mutu kumbuyo, pabwalo pa amayi. Njinga inakhalabe potsamira pake.

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse amayi ankapita nawo kusikelo, ngakhale analibe mwana woyeza. Ankakhala pakati pa benchi. Sisita ankawabwereka laputopu, ndipo amayi ankamupatsa moni wolemera ngati mwala mpaka tsiku limene anasamutsidwa. Atate anthu anawatcha a Tidole kwa zaka zambiri, monga ankaopera, koma ankayankha.

Lero ndimagwira ntchito ku Chipata ndipo ndili ndi laputopu yangayanga. Emyuleta ndinaiikamo, masewera aja ndinawapeza, ndinagulanso togwirira m'manja tiwiri kuti atate ndi amayi akadzabwera kudzacheza asamapanikizane. Atabwera, amayi anatembenuza togwirirato uku ndi uku n'kutibwezera m'katoni. Amafuna kiyibodi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amayi anakayikira munthu wosalakwa. Tsopano ndimaona kuti chimene anamva mu mluzu uja chinali choona: mwamuna wawo anali atapeza chimwemwe kwina. Munthu anakhala pakati pathu zaka zonsezo, tikumuseka mizere yokhota, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa kuti kwawo anasiyako chiyani. Amayi akanatha kuthamangitsa Sisita, kapena atate amene. Iwo anangotenga malowo n'kukhalapo. Pamwamba pa phiri sanafikebe, koma akafika pamalo ovuta paja, amayi ndi amene amakhazika kobiriwira pansi, n'kugunda atate ndi phewa kuti, "Pondanipo, a Mwanza."