Njinga Zimene Zinakalamba Osakwerapo Munthu

Amene amamatitsa machubu kwa a Sipanala masiku ano, pakhonde la sitolo ya eni ake, sadziwa kuti mkuluyu anali ndi sitolo yakeyake ya njinga zatsopano zoitanitsa kunja. Amangodabwa kuti wailesi ikayamba nkhani za malonda, iwo amaizimitsa.

Dzinalo analitenga ali mnyamata, poti sipanala sinkachoka m'thumba lawo. Ankakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi nati yake, bola kuipeza.

Chaka china anaika zonse zimene anali nazo pa kontena imodzi ya njinga. Katunduyo ali m'njira, boma lathu ndi la dziko lochokera njingazo anakangana pa zamalonda. A Sipanala atafika ku kasitomu, bwana wa kumeneko, munthu waulemu wosavula tayi ngakhale kutenthe, anawakhazika pampando.

"Bambo, msonkho wa njinga yathunthu wakwera koopsa. Koma zipangizo za njinga zikulowa ulere. Boma likulimbikitsa ntchito zamanja."

"Ndiye ndikazimasula, bwana?"

"Ine sindinanene kanthu," anatero bwanayo uku akuwapatsa kiyi wa mosungira katundu.

A Sipanala anaitana mlamu wawo, nayamba kumasula: matayala uko, zishalo uko, matcheni m'matumba. Pomwe ankamaliza, nduna ya zamalonda inali itabwerako ku zokambirana za maboma aja. Za njinga zathunthu anagwirizana bwinobwino, koma opanga zipangizo a m'dzikomo analira, choncho msonkho unasamukira pa zipangizo.

"Alamu, timangenso," anatero a Sipanala.

"Kodi alamu, mlongo wanga anakwatiwa ndi inu kapena ndi nduna? Ikayetsemula iyo, msana ukuthyoka ndi wanga!"

Anamanga. Lamulo linatembenukanso, iwo anamasula. Lendi ya mosungiramo ikukwera, sitolo ili chitsekere. Akafika kunyumba, akazi awo sankawonongeranso mawu ambiri.

"Lero kunali kumanga kapena kuphwasula?"

"Mayi, ndipatseni madzi kaye. Ndaiwala."

Mapeto ake maboma aja anagwirana chanza, najambulitsa akumwetulira. Msonkho unachotsedwa pa njinga zonse zatsopano, zathunthu ndi zomasula zomwe. A Sipanala anavala jekete tsiku limenelo.

Bwana uja anayendera mzere wa njingazo, nawerama, nasisita nati imodzi ndi chala. Inali itadyeka m'mbali, penti yozungulira itakalikakalika.

"Pepani bambo, izi si zatsopano."

"Bwana! Palibe anakwerapo! Ngakhale msewu sizikuudziwa!"

"Ndikudziwa, ndinali pompano. Koma lamulo likuti chooneka kuti chinagwirapo ntchito ndi chakale. Ndipo njinga zakale zinaletsedwa kulowa, pofuna kuteteza ogula."

Ananena mwachisoni chenicheni, mpaka anawaperekeza pachipata.

Njingazo zinalandidwa, ndipo boma, poteteza ogula aja, linawagulitsa njinga zomwezo pamtengo wa zakale. Sitolo inapita ndi lendi. Mlamu uja mpaka lero amayenda atagwira m'chiuno.

Nthawi zina imodzi mwa njingazo imabwera pakhonde paja. A Sipanala amaizindikira isanaime. Mwini wake amadandaula kuti manati ake sagwira, ukamanga lero mawa amasuka okha.

Iwo amaigwira chishalo kanthawi, kenako n'kupisa m'thumba.

"Usaikalipire, mwanawe. Njinga iyi yatopa."