Dengu la amalume

Mbiri ya usodzi m'dziko muno ikadzalembedwa mwachilungamo, ine ndidzakhala pa tsamba loyamba, chifukwa ndine amene ndinatsegula sukulu ya usodzi wa panyanja ku Thyolo. Kungoti ku Thyolo kulibe nyanja. Komanso ku koleji kumene ndinkaphunzira za nsomba ndinachokako mayeso asanathe, titagwirizana ndi aphunzitsi kuti mmodzi wa ife akapume.

Wophunzira wanga anali amalume. Anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ine ndisanabadwe, koma chaka chimenecho mvula itatha anawauza kuti ntchito yatha. Mkamwini wawo wa ku nyanja, mwini bwato, anawaimbira foni kuti apite, malo alipo, koma akakaoneka kuti satha, anyamata a m'bwato sakawalola. Nsomba imene amalume ankaidziwa inali youma, ya pa msika wa Bvumbwe.

"Mphwanga, paja unalawako sukulu ya nsomba," anatero. "Ndiphunzitse, ndisakanyozeke kwa mkamwini."

Nyanja yathu inali damu la esiteti. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tinkatsetsereka m'mizere ya tiyi, chiperoni chikutinyowetsa, fungo la ku fakitale likutilondola. Anzawo a amalume awiri ankabwera kudzangoseka, ine ndinkawatenga ngati ophunzira. Tinkaima pa kamlatho ka matabwa kopita ku pampu, madzi kutsogolo, madzi kumbuyo. Pamenepo ndinafotokoza kuti nsomba nayo imapuma mpweya wa m'madzi, kuti dzuwa likatentha imatsikira pansi, ndipo mwezi ukawala usipa sulabadira nyali. Za mphepo ya mwera ndinangoti ikayamba, munthu wanzeru amakhala kumtunda.

"Aphunzitsi," anafunsa mmodzi wa osekawo, "nanga nsombayo ikuzidziwa zimenezi?"

"Ikuzidziwa," ndinayankha. "Iyo inamaliza sukulu."

Tsiku lina chingwe cha amalume chinagwedezeka. Anakoka, ndipo kunatuluka nsomba, khumba lonenepa. Analichotsa pa mbedza mwamsanga, n'kuliponya kumbuyo modutsa paphewa, osacheuka n'komwe. Chubwi! Dzanja linachita zimene limachita ndi masamba a tiyi, koma kumsana kunalibe dengu.

Anzawo aja anaseka mpaka kugwira matabwa. "Achimwene, mwaipatsa tchuthi!"

Yachiwiri inapitanso momwemo. Ndinaika ndowa patsogolo pawo, ndinakuwa kuti "Kutsogolo!" nthawi iliyonse, koma nsomba ikangophupha m'manja, dzanja linali litapita kale. Amalume sanaseke nawo. Anakhala pansi n'kumaliyang'ana dzanjalo.

"Dzanja ili ndi la esiteti," anatero. "Ine anandichotsa, lokhali linatsalira pa ntchito. Ndikakachita izi pamaso pa mkamwini, ndibwerera ndi basi yomweyo."

Sabata imeneyo sayansi yanga inathera pomwepo. Ndinaona kuti dzanja lokalambira m'munda silimva ulaliki, bola kulipatsa chimene likufuna. Dengu lawo anali atabweza ku esiteti, choncho ndinapita kwa mayi wina wopuma ntchito n'kugula lake lakale, ndinasokerera thumba mkati mwake. Lamlungu lotsatira amalume anaima pa kamlatho atalibereka. Nsomba inauluka paphewa, n'kugwera m'dengu. Osekawo anaomba m'manja ngati kwaya yatha kuimba.

Amalume anakwera basi ya ku nyanja dengu lili kumsana. Patapita nthawi anaimba foni: anyamata a m'bwato anawaseka mokwana, anawapatsa dzina loti a Tiyi, koma malo anawasiyira.

Sukulu yanga inatsekedwa tsiku limene anakwera basilo chifukwa chosowa ophunzira. Masiku ano ndikadutsa pa damu paja nthawi ya chiperoni, ndimaima pang'ono, ngakhale matabwa aja anaola ndipo osekawo mmodzi anatisiya. Zonsezi, kuyambira kutsegula mpaka kutseka, zinandidyera faifi handiredi kwacha, ya dengu.