Mzere wa Mapiritsi Anayi

Agogo anga aamuna ndikawaganizira, m'mphuno mumabwera fungo la mlamba wowamba, m'makutu nkumamveka chitsononkho chikukwecha msana, chifukwa ankadzikanda nacho tsiku lonse ali pa benchi yawo ya nsomba pamsika wa ku Ngabu. Matenda oyabwawo anawatenga kalekale kumitsinje ya kumapiri, kumene kumaluma tintchentche takuda. Diso lamanzere linali litafa kale. Nkhondo inali pa lamanja.

M'chiuno anali ndi chotupa. Azaumoyo anawauza kuti mmenemo mwagona nyongolotsi yaikulu. Mapiritsi amapha ana ake amene amayenda m'thupi mpaka kumaso, koma make amangofooka, nkudzayambanso kubereka, mpaka adzafe ndi ukalamba. Anzawo ena analeka kumwa, poti ukamwa thupi limatupa ndi kuyabwa masiku angapo. Agogo ayi. Ankasisita chotupacho nkumati, "Bereka, mayi. Ine ndizipha chaka ndi chaka. Tione ayambe kutopa ndani."

Ogawa mapiritsi anali mayi Esinati a m'mudzi mwathu, ndipo ankayeza msinkhu wa munthu pa ndodo ya mizere kuti adziwe mapiritsi angati omupatsa. Chaka china msana wa agogo unali utapindika, mutu nkuthera pa mzere wa atatu.

"Atatu, agogo," anatero mayi Esinati.

"Chaka chatha anali anayi. Nyongolotsi yanga yafupika?"

"Yanena ndi ndodo, si ine."

"Ndodo yayeza msana, munthu simunamuyeze. Iwe Lojasi, gwira ichi."

Anandipatsa chitsononkho chija, nagwira mzati wa benchi, nayamba kudziwongola. Msana unalira ngati chitseko chakale, thukuta lili chuchuchu, mano ali gwa, mpaka dazi linafika pa mzere wapamwamba.

"Werengani msanga, mayi, ndisanathyoke."

Mayi Esinati anaseka mpaka misozi, nawerenga anayi. Ine nditayesa kuimira zala zakumapazi kuti nanenso andiwonjezere, anangondikanikiza pamutu.

Agogo anamwalira patapita zaka zambiri, chotupa chitaphwa, diso lamanja likuonabe ntchentche pa nsomba ndi wogula wobisa nsomba yachiwiri kunsi kwa dzanja.

Msinkhu wawo sindinautenge, mpaka lero ndine wa atatu. Ndimagulitsa kaunjika pamsika womwewo, ndipo amandinena kuti ndinganenerere ngakhale mtengo wa bokosi la maliro anga lomwe. Sanama. Munthu akangondiuza kuti "mtengo ndi womwewu, palibenso zokambirana," ndimangomva msana ukuwongoka wokha.