Pepala la Mafunso la Mayi Bessie

Mayi Bessie anafika ku Nairobi mu 1994, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ankalemba anthu ntchito ku bungwe lina lothandiza othawa kwawo. Madalaivala, alonda, alembi, onse ankadutsa pa desiki yawo. Anali ndi pepala la mafunso oti munthu angoyankha inde kapena ayi, iwo n'kuchonga. Pepalalo ankalinyadira ngati satifiketi.

Mu 2006 amuna awo, a Fumbani, anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera. Bungwe linapatsa a Bessie tchuthi, linawonjezera, kenaka linalemba kalata: akapanda kubwerera Lolemba, malo awo apatsidwa wina. Ntchito ikatha, chilolezo chokhalira ku Kenya chithanso, ndi chipatala cha a Fumbani chomwe.

Ofuna ntchito yosamalira wodwalayo ankabwera kunyumba kwawo ku South B, ndipo a Bessie anawakonzera pepala lawo. Mungathe kunyamula munthu? Inde. Ndinu woleza mtima? Inde. Nanga munthu wanjala angayankhe kuti ayi? Woyamba anakhala masiku anayi. Wachiwiri ankawasiya bambowo pampando n'kumakacheza pageti. Wachitatu anati akukagula ndiwo, mpaka lero.

Loweruka kunabwera Lorna, mayi wa ku Kitengela, fumbi lili mbuu m'tsitsi. A Bessie anali atatopa mpaka m'mafupa. Pepala lija sanalione, ndipo mphamvu zolifunafuna analibe.

"Tangondiuzani," anatero m'Chingerezi, "munasamalirapo ndani, ndipo zinayenda bwanji?"

Lorna anafotokoza za bambo ake: zaka zitatu akuwasambitsa, mmene ankakanira phala, ndi tsiku lomwe anawakalipira n'kukalira kuseri kwa nyumba. Zoterezi papepala paja panalibe pozichonga.

Kenaka Lorna anatembenukira kwa a Fumbani. "Mzee, nanga inu mumafuna tsiku lanu liziyenda bwanji?"

A Bessie anati awayankhire monga mwa masiku onse, koma a Fumbani anayamba okha, mawu akukokeka. Anati safuna kusambitsidwa m'mamawa kukuzizira. Amafuna mpando uziyang'ana kumsewu, osati kukhoma. Amafuna wina aziwawerengera nyuzipepala, ngakhale yadzulo. Anayankhula mpaka tiyi anazizira.

Lorna anayamba ntchito tsiku lomwelo, ndipo Lolemba a Bessie anakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kubwerera ku ofesi. Ntchito inapulumuka, koma njira yonse manyazi anawagwira. Miyezi isanu yathunthu ankangofunsa amuna awo kuti mwakhuta, mukufuna madzi, penapake pakuwawa, bambowo n'kumagwedeza mutu. Ndipo anali iwo omwe a Bessie amene analembera abale ku Malawi kuti a Fumbani anasiya kuyankhula.