Chuni cha Lachisanu Loyera

Agogo Marita ndikawakumbukira, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la masamba a tiyi onyowa, lija limakanirira m'nsalu ya munthu wothyola tiyi ngakhale aichape kangati, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu pamene mphika wa nyemba za kalongonda unkabwadamuka kuseri kwa nyumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tinkakhala m'nyumba za kampani pa esiteti ina kufupi ndi Milonde, zitseko zoyang'anizana, moti mnzako akayetsemula iwe unkamva. Nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika m'phiri n'kuphimba mizere ya tiyi, agogo sankaoneka koma ankamveka. Mawu awo anali okhuthala, okoka pang'onopang'ono, ndipo ankaimba nyimbo za kutchalitchi uku manja akuponya masamba m'dengu lakumsana. Kuwerenga sankadziwa, koma buku lonse la nyimbo linali m'mutu mwawo.

Mpingo wathu wa Lutherani unali waung'ono, kanyumba ka njerwa zosapaka, mabenchi ogwedera, ndipo abusa ankabwera kamodzi pa mwezi. Choimbira munalibe. Mkulu wa mpingo, Bambo Namakhwa, amene kale anali kapitawo ndipo ukapitawowo sunawachoke, ankatchula nambala ya nyimbo, anthu onse n'kutembenukira kwa agogo. Agogo akakhosomola kamodzi n'kuyambitsa, tonse tinkalowa pambuyo pawo.

Panali nyimbo imodzi ya pa Lachisanu Loyera, yonena za kuikidwa m'manda kwa Ambuye. Chuni chake chinkayambira pamwamba n'kumatsika, kutsikabe, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse amayi ankakoka mawu mpaka mpweya kuwathera. Ngakhale ife ana, amene tinkapita kutchalitchi kukatsinana, tinkakhala chete. Bambo Namakhwa ankapukuta misozi ndi mpango, kenako n'kuimirira kutikumbutsa, chaka ndi chaka, kuti chuni chimenechi chinapekedwa ndi Ajeremani kalekale, chinawoloka nyanja osasintha ngakhale pang'ono, ndipo ife Alutherani sitiimba zongotola m'njira ngati mipingo ina. Iwo akamayankhula choncho, agogo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Ine ndinkati ndi kudzichepetsa.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wa agogo kutsidya kwa malire, ku Milanje, kumene makolo athu anachokera. Ananditenga. Tinakwera kabaza mpaka pa Muloza, n'kuwoloka mlatho, kenako ulendo wapansi m'minda ya nandolo mpaka miyendo kuwawa. Tinafika masana dzuwa lili paliwombo. Amayi a m'mudzimo anali atakhala pansi patsinde pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, ndipo mudziwo sunali wa anthu opemphera, panalibe buku, panalibe mlaliki. Mayi wina wokalamba, wopanda mano, anakweza mawu m'Chilomwe. Chinali chuni chathu cha Lachisanu Loyera, kutsika kwake komweko, kukoka kwake komweko.

Ine ndi nzeru zanga za katekisimu ndinaona kuti anthuwa akuphonya mawu, ndiye ndinayamba kuwaimbira olondola, a m'buku, mokweza ndithu kuti aphunzire. Agogo ananditsina pantchafu mpaka ndinaona nyenyezi. Pobwerera ndinawafunsa kuti kodi Ajeremani anafikanso kuno, nanga bwanji anangosiya chuni osasiya mawu? Anati ndiyende, dzuwa likupita. Ndinafunsanso tili pa mlatho, iwo n'kundigulira nzimbe kuti kukamwa kukhale ndi ntchito ina. Ndinafika kunyumba nditagamula ndekha kuti abale athu akutsidya ndi akuba nyimbo, ndipo ndinawakwiyira kwa zaka zitatu.

Kenako kunabwera a Mofati, mphunzitsi wachinyamata amene anamutumiza ku pulayimale yathu. Anali Mlutherani mnzathu, anaphunzira kuwerenga manotsi a nyimbo ku Blantyre, ndipo anabwera ndi kiyibodi yoyendera batire ya galimoto. Sabata ziwiri zokha, achinyamata tonse tinali mukwaya, ine kutsogolo, tikuponda sitepe kumanja ndi kumanzere. Kunena zoona ndinkaikonda kiyibodiyo. Inali ndi kabatani kena, ukakadina ng'oma zinkalira zokha popanda woimba, ndipo ine ndinkaona ngati kumwamba kudzakhala choncho. Akuluakulu ankadandaula kuti tchalitchi chikumveka ngati bala ya mowa ya pa Thuchila tsiku la msika. Anagwirizana kuti ife tiziimba nyimbo ziwiri zokha, zotsalazo aziyambitsa agogo monga kale.

Mtendere umenewu unatha Pasaka itayandikira. A Mofati anatsegula buku lawo la manotsi kuti tikonzekere nyimbo ya Lachisanu Loyera ija, ndipo chimene chinatuluka m'kiyibodi sitinachidziwe. Chinali chuni chowongoka, choyenda mwadongosolo ngati ana a sukulu pa mzere, chopanda kutsika kuja. Iwo anati ndi mmene chinalembedwera. Bambo Namakhwa atamva anapsa mtima, nati mnyamatayu wayamba ndi ng'oma, tsopano wafika posintha chuma cha makolo a mpingo n'kuikamo zamakono zake. Anaitanitsa msonkhano Lamlungu la Kanjedza tikatha mapemphero. Zikapezeka kuti a Mofati asintha chuni, kiyibodi ituluke m'tchalitchi osabweranso. Anasankha agogo kukhala mboni, popeza mwa anthu amene anaphunzira nyimbo kwa mlaliki woyamba wa mpingowo, otsala anali okhawo.

Sabata imeneyo agogo sanaimbe, m'munda kapena pakhomo. Ine mutu unali utazungulira. Ndinkafuna kiyibodi ikhale, ndinkafunanso agogo apambane, ndipo za ku Milanje zija zinayamba kubwerera m'maganizo mwanga zikundiyang'ana mwa mtundu wina. Loweruka masana ndinawapeza akusenda kalongonda, ndinakhala pambali pawo n'kuwafunsa kuti chuni cha Ajeremani chenicheni ndi chiti.

"Iwe Rute, usankhe ndiwe," anatero. "Ndikaname m'nyumba ya Mulungu kuti mwana wa eni ake athamangitsidwe, kapena ndikavule anthu okalamba pamaso pa adzukulu awo?"

Sindinasankhe. Ndinanyamula ndowa n'kupita kumpopi ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba.

Pa msonkhanopo anthu anakhala mogawikana, akuluakulu mbali ya kumanja ndi Bambo Namakhwa, ife a kwaya kumanzere ndi a Mofati, masamba a kanjedza ali mbwee pansi. Bambo Namakhwa anayankhula nthawi yaitali za nyanja ija ndi Ajeremani aja, kenako anapempha agogo kuti aimirire, auze anawa chimene analandira. Agogo anaimirira atagwira benchi. Anafotokoza mosakweza mawu, Chichewa chawo chikupendekera ku Chilomwe monga chinkachitira akavutika mumtima. Anati mlaliki uja anabwera pa njinga, anakhala masabata awiri, anawaphunzitsa nyimbo zambiri nthawi imodzi n'kupita, osabweranso mpaka chaka chinatha. Lachisanu Loyera litafika, anthu anatembenukira kwa iwo. Mawu anali nawo onse, koma chuni chinali chitathawa. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi nyimbo imene amayi awo ankalirira maliro kutsidya. Anthu anatsatira, ndipo palibe anafunsa.

"Cha mwanayu ndiye cha m'buku," anamaliza choncho. "Changachi n'cha amayi anga."

Zimene zinachitika pambuyo pake mpaka lero ndimalephera kuzilongosola bwino. Bambo Namakhwa anakhala pansi ngati awamenya ndi mpini. Kenako anadzuka nkhope itagwa, nati ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikuimba nyimbo ya maliro achikunja patsogolo pa guwa, iwo n'kumalira nayo. Anatembenukira kwa a Mofati, munthu amene iwo ankafuna kumuthamangitsa, n'kumulamula kuti Lachisanu aimbe chuni cha m'buku pa kiyibodi yakeyo, mokweza, mpaka mpingo uchizolowere. A Mofati nawo, m'malo mosangalala kuti apambana, maso anali pa agogo. Anati ayi, chuni cha agogo ndiye chuma, mipingo ya m'tauni ikusakasaka zoterezi, nyimbo zathuzathu, ndipo iwo achiika pa kiyibodi, awonjezere ng'oma, tikapite nacho ku msonkhano wa makwaya.

Ndiye taonani, mkulu wodana ndi kiyibodi akumenyera nkhondo kiyibodi, mnyamata wa zamakono akumenyera nkhondo nyimbo ya amayi opanda mano a ku Milanje. Amayi ena okalamba anasamukira kumanzere, anyamata ena amene makolo awo anawayang'ana ndi diso loipa anasamukira kumanja. Ine ndinaimirira kuti ndisamuke, koma sindinadziwe kolowera, ndinangokhalanso pomwepo. Abusa atabwera mwezi wotsatira anati chofunika ndi mawu, chuni ndi chotengera chabe, ndipo mbali iliyonse inatuluka ikunena kuti abusa aikira iyo kumbuyo.

Lachitatu lotsatira msonkhano uja, Pasaka isanafike, a Mofati anafika kwathu ndi wayilesi yojambulira mawu. Anagwada mwaulemu, anapereka moni wa Chilomwe umene anauloweza m'njira, n'kupempha agogo kuti aimbe kamodzi kokha. Agogo anawapatsa mpando ndi chikho cha madzi. Kenako ananena chinthu chimene ngakhale amayi anga sanandiuzepo. Chaka chija mlaliki anabwera, agogo anali atangobatizidwa kumene pamene mwana wawo woyamba, wamwamuna, anamwalira asanayambe kuyenda. Anali atauzidwa kuti Mkhristu salira ndi nyimbo zakale, ndipo nyimbo ya maliro ya m'buku anali asanaidziwe. Mwanayo anapita kumanda mwakachetechete.

"Ndinamuika osamuimbira," anatero agogo. "Ndiye chaka chilichonse Lachisanu Loyera lija ndimamuimbira, mpingo wonse n'kumandithandiza osadziwa. Lero mukuti muikemo ng'oma, ana azivina?"

A Mofati anazimitsa wayilesi yawo. Anamwa madzi aja, anatsanzika, ndipo nkhani ya msonkhano wa makwaya sanaitchulenso.

Lachisanu Loyera kiyibodi inaimba chuni cha m'buku. Okalamba ankapunthwa pa mzere uliwonse, kufuna kutsika pamene chuni chikukwera, ndipo Bambo Namakhwa ankaimba mokuwa kuposa onse, kunja kwa chuni, maso ali gwa, ouma. Ine ndinali kutsogolo ndi kwaya, yunifolomu yosita, ndikuimba bwino kwambiri chifukwa ndinali nditachiphunzira. Agogo anakhala pa benchi yawo milomo ili yotseka. Ndinkawayang'ana ndikuimba, ndipo ndinachita manyazi osadziwa kuti ndalakwa chiyani. Nyimbo zina anapitiriza kuyambitsa mpaka mphamvu zinawathera, koma imeneyo sindinawamvenso akuiimba, ngakhale m'munda.

Ndakhala ndikuzitembenuza nkhanizi kwa zaka zambiri ndipo sizikhala pansi. Kodi agogo anatinamiza, pamene pakamwa pawo sipanatulukepo bodza? Tsiku lija ankalirira Ambuye kapena mwana wawo, ndipo kodi Mulungu amasiyanitsa? Nanga misozi ya Bambo Namakhwa, imene inali yeniyeni ndinaiona ndi maso anga, inasanduka yabodza tsiku limene anadziwa kwawo kwa chuni? Nthawi zina ndimawakwiyira agogo kuti akanangokhala chete. Nthawi zina ndimadzikwiyira ndekha kuti anandipatsa mwayi wosankha ine n'kuthawira kumpopi.

Lero ndimakhala ku Limbe, ndimaimba mukwaya ya mpingo wathu womwewo wa Lutherani, ndipo tili ndi makiyibodi awiri, magitala ndi ng'oma zenizeni. Anthu amakanganabe, ena akufuna za m'buku, ena zovina, ndipo akandifunsa mbali yanga ndimaseka, chifukwa mawu oti zakale ndi zamakono ine anandisokonekera ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Okalamba a ku esiteti kuja anatha. Ndikuganiza kuti amene watsala nacho chuni chija pamodzi ndi mawu a m'buku ndine ndekha. Wotsogolera kwaya yathu amapempha kawirikawiri kuti amene ali ndi nyimbo za kumudzi abweretse, ine ndimangoyang'ana kumbali. Ndikapereka, adzavina. Ndikapanda kupereka, chidzapita nane kumanda, ndipo kamnyamata kaja, amalume anga amene sindinawaone, sadzaimbiridwanso ndi munthu. Agogo sanandiuze choti ndichite nacho.

Chaka chino, m'mawa wa Lachisanu Loyera, ndikuchapa zovala pakhonde, ndinangozindikira kuti chikutuluka chokha pakamwa panga, mawu onse, kutsika konse. Mwana wanga wamkazi anasiya kutsuka mbale n'kumvetsera mpaka ndinamaliza ndime. Kenako anandifunsa ngati imeneyo ndi nyimbo ya kutchalitchi kapena ya kumudzi, ndiponso ngati angaiphunzire. Ndinafinya nsalu imene inali m'manja mwanga, ndinakaiyanika, ndipo mpaka pano mwanayo akudikira yankho.